Tsabola wa m'botolo wopanga nokha: mafunso ndi mayankho

Ndakhala ndikupanga tsabola wa m'botolo kuno ku Mangochi kwa zaka zingapo, poyamba wapakhomo pokha, kenako anansi ndi amayi anzanga a banki m'khonde anayamba kuitanitsa. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amangobwerabwera, ena pa WhatsApp, ena pakhonde ndikusinja. Ngati muli pachangu, yambani ndi funso la mafuta ndi adyo, chifukwa ndi pamene kulakwitsa kungachotse moyo wa munthu.

Ndigule tsabola wanji?

Kuno kwathu mukatuma mwana kuti akagule kambuzi, nenani momveka, apo ayi abwera ndi tinsomba ta ku nyanja ya Malombe, timene nato timatchedwa kambuzi. Kambuzi amene ndikunena ine ndi tsabola wobulungira uja, amene akapsa amaoneka ngati lalanje, ndipo fungo lake limakupezani musanamasule n'komwe jumbo. Ndi wa mtundu umodzi ndi habanero wa ku America. Wina ndi piripiri, wamng'ono, wosongoka, wofiira, amene alimi ena amaumitsa n'kugulitsa kunja kwa dziko. Ndi yemwenso amapangira Nali, amene wakhala pamatebulo athu kuyambira m'zaka za m'ma 1970, ndipo pabotolo lake analembapo chenjezo lakuti "Abale Samalani".

Piripiri amaluma msanga n'kusiya. Kambuzi amayamba ndi fungo, moto umabwera pambuyo n'kukhalitsa. Pa chambo chowotcha ndi usipa wokazinga ine ndimakonda kambuzi. Piripiri ndimasungira zoyanika.

Sankhani wolimba, wonyezimira, wa phesi lobiriwira. Wofota amene amatsika mtengo madzulo ndi wabwino mu ndiwo zalero, koma wofewa, wamadontho akuda kapena wobooka asalowe m'botolo.

Chimawawa mu tsabola n'chiyani? Ndi njere?

Si njere. Ndi mankhwala achilengedwe otchedwa capsaicin, ndipo ambiri amakhala m'kamnofu koyera ka mkati kamene njere zimamerapo. Njere zimawawa chifukwa chokhudzana ndi kamnofuko. Choncho mukafuna tsabola wosawawa kwambiri, palani kamnofuko ndi kasupuni.

Capsaicin sawotcha khungu ngati moto. Amanyenga mitsempha imene imamva kutentha, thupi n'kumatuluka thukuta ngati lapsadi. Mbalame zilibe vuto limeneli, n'chifukwa chake zimadya piripiri n'kumakamwaza njere pansi pa mitengo imene zimatera. Chofunika kugwira apa n'chakuti capsaicin sasungunuka m'madzi, koma amasungunuka m'mafuta. Mayankho onse a manja ndi mkamwa ali m'munsimu achokera pamenepa.

Kuwawa kuli ndi muyeso wake, umene katswiri wa mankhwala wa ku America, Wilbur Scoville, anayambitsa mu 1912. Girini pepa ali pa 0, pamene habanero ali pakati pa 100,000 ndi 350,000. Tsabola yense wa mtunduwu kwawo n'kumaiko a ku South ndi Central America, ndipo kuno ku Africa anabwera ndi Apwitikizi.

Ndipange bwanji wosavuta?

Tengani tsabola wakupsa magalamu 250, amene ndi pafupifupi makapu atatu, anyezi mmodzi wapakatikati, timagawo tisanu ta adyo, mchere masupuni awiri aang'ono, shuga supuni imodzi yaikulu, ndi viniga mamililita 300, ndiye kuti wodzaza botolo lagalasi la Fanta.

Tsukani tsabola ndi madzi aukhondo, chotsani mapesi, dulani pakati kuti muone ngati mulibe mphutsi kapena nkhungu. Kambuzi amanyenga: kunja kowala, mkati mwakuda. Dulani anyezi ndi adyo ting'onoting'ono, ikani zonse mu poto pamodzi ndi viniga, vindikirani, zibwate pamoto wochepa kwa mphindi 15. Zikazizirako, perani ndi bulenda, kapena vuulani zolimbazo musinje m'kamtondo n'kubwezera mu viniga uja. Bwezerani pamoto, ziwirenso mphindi zisanu, ndipo thirani m'mabotolo zidakali zotentha. Tsekani nthawi yomweyo.

Tsiku loyamba viniga amamveka kwambiri. Musathire madzi pofuna kumuchepetsa. Pakapita masiku atatu kapena anayi zinthu zimagwirizana zokha. Kamtondo kamene mwasinjira tsabola kakhale ka tsabola basi, chifukwa mtengo umamwa mafuta ake, ndipo nsinjiro zimene mudzasinjemo mawa zidzaliza ana.

Tsabola wowawa chonchi angawonongeke bwanji? Tizirombo sitingafe ndi moto wake?

Ili ndi funso limene ndimayankha kwambiri kuposa onse, ndipo ndi pamene ambiri amagwa. Kuwawa kumaopseza ife ndi nyama zina, koma sikuteteza chakudya. Siyani kambuzi m'jumbo masiku atatu mu Novembala, muona yekha atasanduka phala lonunkha. Ngati tsabola amaola ali yekha, angateteze bwanji anyezi, adyo ndi tomato zimene mwasakanizamo?

Zimene zimasunga tsabola wa m'botolo ndi asidi, mchere, kuphika ndi ukhondo. Akatswiri a zakudya amayeza asidi ndi muyeso wa pH: nambala ikakhala yotsika, asidi ndiye wambiri. Malire ake ndi 4.6. Pansi pa nambala imeneyi, kachirombo koopsa kamene ndafotokoza pa funso la mafuta sikangakule. Tsabola wamuwisi, anyezi ndi adyo zonse zili pamwamba pa malirewo, ndiye viniga ndi amene amazitsitsa. Opanga osamala amafuna kufika pa 4.0 kapena kutsikirapo, kuti pakhale mpata.

Ku Mangochi nkhaniyi imakula chifukwa cha nyengo. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 35, ndipo njira imene mnzanu wa ku Dedza amasungira tsabola mwezi wonse ikhoza kukuwonongerani kuno m'masiku ochepa.

Viniga ndilibe. Mandimu, bwemba kapena malambe sizingagwire ntchito?

Madzi a mandimu ali ndi asidi wokwanira, ndipo mungathire muyeso womwewo wa viniga. Vuto n'lakuti mandimu amasiyana mphamvu mtengo ndi mtengo, komanso akakhalitsa amayamba kuwawa kwa ndulu. Wamandimu ndimapanga wochepa, wodya sabata imodzi.

Bwemba ndi malambe, zimene kuno sizisowa, zimakometsa kwambiri. Ufa wa malambe supuni ziwiri umalimbitsa tsabola wamadzimadzi bwino kuposa china chilichonse chimene ndayesa. Koma zithireni poonjezera pa viniga, osati m'malo mwake.

Pogula viniga werengani pabotolo. Akhale wa asidi 5 peresenti.

Ndimakonda wokazinga m'mafuta ndi adyo. Pali vuto lanji?

Ndi wokoma, palibe wotsutsa, ndipo ndi amene mumapeza pa chiwaya cha chipisi ndi kanyenya. Wodya tsiku lomwelo alibe vuto. Vuto limabwera mukamuthira m'botolo, mafuta n'kuphimba pamwamba, n'kumuika pashelefu kwa masabata.

M'dothi muli kachirombo kotchedwa Clostridium botulinum. Timbewu take timamatirira pa adyo, anyezi ndi tsabola, ndipo sitifa ndi kuwiritsa wamba, timafuna kutentha kwa madigiri 121 kumene mafakitale amafikira ndi mapoto apadera. Pamene pali mpweya timangogona. Timadzuka pamalo opanda mpweya, opanda asidi, onyowa ndi ofunda. Tsopano ganizani za adyo wamuwisi kapena wongofewetsa, ali pansi pa mafuta, m'botolo lotseka, m'khitchini ya malata ya ku Mangochi. Zonse zimene kachiromboka kamafuna mwakapatsa.

Poizoni wake amayambitsa matenda otchedwa botulism, ndipo choopsa n'chakuti nthawi zambiri sanunkha, saoneka, samveka pa lilime. Tsabola amaoneka bwinobwino. Zizindikiro zimayamba kawirikawiri pakati pa maola 12 ndi 36: kuona zinthu ziwiriziwiri, zikope kulemera, kulephera kumeza ndi kulankhula bwino, kenako kufooka kumene kumatsika thupi lonse mpaka kupuma kumavuta. Matendawa sachitika kawirikawiri, koma amapha. Munthu akaonetsa zimenezi atadya za m'botolo, thamangirani naye kuchipatala ndipo botololo mupite nalo.

Ndiye wamafuta pangani wochepa, musunge mufuriji, athe pasanathe masiku anayi. Ngati furiji mulibe, pangani wa tsiku limenelo. Mukafuna mafuta a tsabola okhalitsa, gwiritsani ntchito tsabola wouma gwa, wopanda adyo wamuwisi ndi anyezi, chifukwa popanda madzi kachiromboka sikakula. Anthu ena amandiuza kuti agogo awo ankachita zomwezo ndipo sanadwale. Ndimawakhulupirira. Koma chinthu chimene simungachione kapena kuchinunkhiza si choyesera mwayi pa ana anu.

Nanga wosasitsa uja amapangidwa bwanji?

Apa simuthira viniga poyamba. Mumasiya tizirombo tabwino, tofanana ndi timene timasasitsa chambiko, kuti tipange asidi tokha. Mchere ndi umene umatsekereza toipa pamene tabwinoto tikuchuluka.

Pa tsabola wosinja kilogalamu imodzi thirani mchere magalamu 30, pafupifupi masupuni awiri aakulu osasefukira. Sakanizani, tsenderani m'botolo lagalasi kuti musatsale mipata, ndipo siyani danga la zala zitatu pamwamba. Pakapita tsiku kapena awiri muona tithovu. Tsiku lililonse masulani chivindikiro kuti mpweya utuluke, n'kukankhira pansi zimene zayandama ndi supuni youma yaukhondo. Mukaiwala kumasula nthawi yotentha, botolo limaphulika, kapena limakulavulirani tsabola kumaso potsegula. Tsegulani molozetsa kumbali.

M'miyezi yotentha masiku asanu mpaka asanu ndi awiri amakwana. Mu Juni ndi Julayi zimatenga pafupifupi masabata awiri. Fungo likhale losasa bwino, lokopa. Kakhungu koyera kosalala pamwamba ndi yisiti, kachotseni. Koma nkhungu yaubweya, yakuda, yobiriwira kapena yofiirira ikaoneka, tayani zonse. Zikasasa, thirani viniga kapu imodzi, wiritsani mphindi 10 kuti kusasa kuime, n'kuthira m'mabotolo monga ndafotokozera pa njira yosavuta ija.

Mabotolo ndi mapoto abwino ndi ati?

Mabotolo agalasi a jamu kapena mayonezi ndi abwino, bola chivindikiro chisakhale ndi dzimbiri. Atsukeni ndi sopo, muwawiritse m'madzi mphindi 10 pamodzi ndi zivindikiro, muwavundikire pa nsalu yoyera. Thirani tsabola wotentha botolo lidakali lofunda, chifukwa galasi lozizira limasweka. Mabotolo apulasitiki a madzi amapindika ndi kutentha. Botolo limene munali mankhwala a m'munda, a makoswe kapena mafuta a galimoto musaliyese n'komwe, kaya mwatsuka kangati.

Viniga amadya aluminiyamu, tsabola n'kuda ndi kumveka chitsulo. Phikirani mu poto wa sitilo kapena wa enamelo wosakumbuka.

Amakhala nthawi yaitali bwanji?

Ndinena mmene ndimachitira ine. Waviniga wosatsegula, pamalo amthunzi ozizirira, ndimamupatsa miyezi iwiri. Ndikatsegula, mufuriji amatha miyezi itatu, koma kunja kwa furiji ndimafuna athe m'masabata awiri. N'chifukwa chake timabotolo ting'onoting'ono tambiri timaposa chibotolo chimodzi. Magetsi akazima tsiku lonse waviniga sadandaula, koma wamafuta uja tayani.

Chimene chimawononga msanga ndi supuni. Wina wapisa supuni imene amadyera, kapena yonyowa ndi msuzi wa nsomba, basi botolo lapita. Chivindikiro chikatupa, mukamva kuphulika kwa mpweya potsegula tsabola wophika, mukaona thovu, nkhungu kapena fungo lachilendo, musalawe kuti mutsimikize.

Nditeteze bwanji manja podula?

Valani magolovesi apulasitiki kapena arabala. Ngati mulibe, valani timajumbo toyera m'manja n'kumanga pamkono. Kupaka mafuta ophikira m'manja kumathandizako pang'ono pa tsabola awiri kapena atatu, koma osati pa beseni lathunthu. Wengani zikhadabo, chifukwa capsaicin amabisala m'menemo mpaka mawa.

Musanayambe, malizani zonse zimene zidzafune manja anu. Pitani kuchimbudzi, yamwitsani mwana, mangani duku. Abale athu achisilamu, pangani wudhu musanayambe kudula kapena mutasamba m'manja ndi mafuta ndi sopo, chifukwa madzi a wudhu amanyamula moto wa m'zala kupita nawo kumaso ndi m'mphuno. Mpeni ndi thabwa muzitsuke ndi sopo musanadulire china.

Manja akutentha kale. Nditani?

Ine zinandichitikira chaka choyamba. Ndinadula kambuzi wodzaza lichero ndi manja chabe, ndipo usiku wonse ndinagona khosi lili pampando, manja ali m'beseni la madzi. Ndikangowavuula moto unkabwerera. Madzi ozizira amangotonthoza, sachotsa kanthu.

Pakani mafuta ophikira m'manja monse, tikitani mphindi imodzi mpaka m'zikhadabo, kenako sambani ndi sopo wambiri ndi madzi ozizira. Bwerezani katatu. Kenako viikani manja mu mkaka kapena chambiko chozizira, chifukwa mu mkaka muli puloteni yotchedwa casein imene imakoka capsaicin. Madzi otentha amaonjeza ululu. Jiki ndi parafini zimapsereza khungu lenileni, musazigwiritse. Ululu umatha wokha pakapita maola angapo.

Walowa m'maso!

Musatikite. Pendeketsani mutu, diso lovutikalo likhale pansi, ndipo munthu wina wa manja oyera athire madzi aukhondo pang'onopang'ono ndi kapu kapena ketulo kwa mphindi 15, inu mukuphethira. M'maso ndi madzi okha. Mafuta, shuga, mkaka wa m'mawere, mkodzo kapena madzi a masamba zingabweretse matenda oposa tsabolayo. Ululu ukapitirira ola limodzi, kapena diso likamaona mwachimbuuzi, pitani kuchipatala. Kwa mwana wamng'ono musadikire nthawi yonseyo.

N'chifukwa chiyani nyumba yonse imatsokomola ndikamaphika?

Capsaicin amakwera ndi nthunzi ndi utsi, makamaka tsabola akagwera m'mafuta otentha kwambiri. Ndi mphamvu yomweyo imene alimi ena okhala pafupi ndi nkhalango amathamangitsira njovu pofukiza tsabola. Tulutsani mbaula panja, vindikirani poto, ndipo potsegula musaweramirepo. Makanda, okalamba ndi aliyense wa mphumu akhale kutali. Posinja wouma, mphepo ikhale kumsana kwanu, makamaka nthawi ya mwera, ndipo onetsetsani kuti kumene ikupita kulibe ana akusewera kapena zovala za anansi pa chingwe. Mangani kansalu konyowa pamphuno.

Ndapanga wowawa mopyola. Ndingamukonze?

Kuwawa sikuchotseka, kumangogawika. Phikani karoti, mango akupsa kapena girini pepa wofiira, perani, sakanizani, ndipo pa kapu iliyonse ya zoonjezerazo thiraninso viniga theka la kapu, chifukwa zimachepetsa asidi. Wiritsaninso musanathire m'botolo. Mango a Disembala ndi kambuzi zimagwirizana modabwitsa, makamaka pa samusa za futari, chakudya chomasulira kusala nthawi ya Ramadan.

Mkamwa mukayaka, imwani mkaka kapena chambiko, kapena tafunani mbamu ya nsima, nthochi kapena mtedza. Madzi amangomwaza motowo.

Kodi n'zoona kuti tsabola wakale sawawa?

Mwambiwo umanena za malangizo ndi zinthu zimene nthawi yazipitirira, ndipo kumeneko uli ndi malo ake. Koma m'khitchini musaudalire. Tsabola wouma amataya fungo ndi mtundu msanga, pamene kuwawa kumatsika pang'onopang'ono kwambiri. Piripiri wa chaka chatha amakulizanibe.

Poyanika, yalani pa thandala loyera kapena pamphasa yokwezeka, osati pansi kapena m'mbali mwa msewu. Madzulo lowetsani m'nyumba kuopa mame. Wauma akamathyoka ndipo njere zikamalira mkati mukagwedeza. Kambuzi ali ndi mnofu wambiri, ndiye muduleni pakati asanayanikidwe, apo ayi amachita chuku mkati. Chuku chimenechi chikhoza kukhala ndi poizoni wa aflatoxin, yemwe uja amavuta pa mtedza ndi chimanga, amene amawononga chiwindi ndipo kuphika sikumuchotsa.

Tsabola amayambitsa zilonda za m'mimba? Nanga amapha tizirombo ta kolera?

Zonse ziwiri ayi. Zilonda zambiri za m'mimba zimayamba ndi kachirombo kotchedwa Helicobacter pylori, monga anaonetsera madokotala awiri a ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2005. Zina zimayamba ndi kumwa pafupipafupi mankhwala opha ululu monga aspirin, ibuprofen ndi diclofenac. Komabe amene ali ndi zilonda kale kapena chilungulira, tsabola akhoza kumuonjezera ululu, ndipo ngati thupi likukana, amvere thupi.

Za kolera, ife a Mangochi tinaona ndi maso mu 2022 ndi 2023 mmene matendawa amathera anthu. Tsabola kapena ndimu pa nsomba sizilowa m'malo mwa kusamba m'manja ndi madzi otetezedwa. Madzi otsukira tsabola akhale owiritsa kapena othira klorini, osati otunga m'mphepete mwa nyanja kapena mu Shire.

Amayi ena amapaka tsabola pabere poletsa mwana kuyamwa. Kodi n'koyenera?

Ayi, ndipo ndikupempha ndi mtima wonse kuti tisiye. Mkamwa mwa mwana ndi mofewa, iye sangakuuzeni pamene pakupweteka, ndipo akamalira amatikita m'maso ndi manja omwewo. Bere nalonso limachita zilonda. Chimodzimodzi kupaka tsabola pa chala cha mwana woyamwa chala, kapena pakamwa ngati chilango. Letsani kuyamwa pang'onopang'ono, ndipo alangizi a zaumoyo ku sikelo ya ana angakuthandizeni njira yake. Mabotolo a tsabola ikani pamwamba, makamaka ngati mwathira m'botolo la zakumwa limene mwana amalidziwa.

Ndikufuna kuyamba kugulitsa. Ndiyambire pati?

Msika ulipo: malo ogona alendo kuyambira pa boma mpaka Monkey Bay ndi Cape Maclear, okazinga chipisi, ndi apaulendo ofuna kanthu kopita nako kwawo. Koma botolo likachoka m'manja mwanu simudziwa kuti likakhala padzuwa masiku angati, ndiye gulitsani waviniga kapena wosasitsa wophika yekha. Wamafuta ndi adyo asachoke pakhomo.

Gulani sikelo, ndipo muyeso wanu ukhale umodzi nthawi zonse. Kuyeza ndi maso n'kwa pakhomo. Pezani kachipangizo koyezera pH, chifukwa timapepala toyezera timavuta kuwerenga mu tsabola wofiira. Kuti katundu wanu alowe m'masitolo amafunika chiphaso cha Malawi Bureau of Standards, ndipo n'kwabwino kukaonana nawo komanso a zaumoyo ku khonsolo musanasindikize zomata zambiri. Pa chomata lembani zonse zimene mwathiramo, tsiku lopangira ndi tsiku lothera ntchito. Pa mphika uliwonse sungani botolo limodzi pashelefu panu, mulembepo tsiku, muziliyang'ana sabata ndi sabata. Likayamba kutupa kapena kusintha mtundu, mudziwa inu poyamba, ndipo mudziwa mabotolo oti mukatenge kwa amene munawagulitsa.